Anandichotsa Pamathandala Chifukwa cha Pakamwa Panga

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene mumawerenga maumboni pa gulu lathu lino la pa foni. Ine ndine Nambewe, ndimakhala kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, ndipo ntchito yanga ndi ya usipa. Umboni wanga ndi wa mmene ndinachotsedwera pagulu la amayi oyanika nsomba, mvula ili pafupi kugwa, amuna anga ali gone pamphasa osatha kudzuka. Ndikuuzirenitu kuti ine si mayi wa mawu ofewa. Ena mumakonda umboni woyamba ndi aleluya n'kuthera pa aleluya. Wangawu uli ndi minga, chifukwa zina mwa zimene ndinaona zikundiwawabe mpaka lero.

Amene simunafikeko kudoko kwathu, dziwani kuti ntchito ya usipa ili pawiri. Pali kugula, pali kuyanika. M'mawa maboti akamakocheza, wogula sadikira pamtunda. Amamanga chitenje m'chiuno, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, kugwira boti, kukuwa dzina la mwini wake, kukangana naye pamtengo, maso ali pa ndowa kuti alovi, anyamata ogwira ntchito m'botimo, asamupimire yosadzaza. Ukachita manyazi pamenepo ubwerera ndi beseni louma. Koma usipa ukafika pamtunda umafuna munthu wina. Umafuna woufutsa m'madzi owira mosauphwanya, wouyala mopyapyala pathandala loyanikirapo, woutembenuza ndi dzanja lofewa, wokhala pansi tsiku lonse akuyang'ana mitambo ndi akhwangwala.

Ine Mulungu anandilenga wogula. Mawu anga amamveka kutsidya la Bua, ndipo palibe mlovi amene anandiberapo ndikuona. Woyanika wanga anali a Zainabu, mayi wamasiye wachisilamu wochokera kwa Malenga Chanzi, wamkulu kwa ine. Mawu amene a Zainabu amayankhula tsiku lathunthu ine ndimawamaliza ndisanasukusule. Kuyenda nawo ulendo umachita ngati ukuperekeza maliro. Musaganize kuti tinali pa chinzake cha ponda apa nane ndipondepo. Iwo ankanditopetsa ndi kuzengereza, ine ndinkawapweteketsa mutu ndi phokoso. Koma usipa wodutsa m'manja mwa awirife unkatuluka woyera, wowongoka, ndipo mavenda a ku Kasungu ankaufunsa ndi dzina.

Amuna anga, bambo Mhone, kwawo ndi kumpoto, kupitirira Dwangwa. Anabwera kuno ali mnyamata, ndipo anali siginala, uja amapita patsogolo ndi nyali kukaitana usipa kuti ulowe mu ukonde wa chilimira. Tsiku lina atabwera kunyanja anagwa pakhonde. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali imodzi inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatsala ochepa ndiponso olemera. Kuyambira pamenepo nyumba yonse, iwo ndi ana athu, inatsamira pa beseni langa.

Gulu lathu ndi limene linali ndi mathandala abwino a waya padoko, ndipo malo onse oyanikira pamenepo anali m'manja mwa gulu. Zinthu zinkayenda, mpaka nsanje inalowa. Ena anayamba kunong'ona kuti ogula ndi amene amadya basela, amacheza ndi amuna kumaboti, pomwe oyanika akupsa ndi utsi ndi dzuwa. Wapampando wathu, a Nagama, amene timapemphera nawo mpingo umodzi, anabweretsa nzeru yoti tizichita kasinthasintha. Aliyense azigula sabata ino, sabata inayo aziyanika, kuti pasakhale wodandaula. Anati pamaso pa Mulungu tonse ndife ofanana. Amayi anawomba m'manja, nthungululu zinalira. Palibe anafunsa ngati usipa nawo ukudziwa zoti ndife ofanana.

Sabata yanga yoyanika inali ya manyazi. Ndinkatakasa usipa mumphika ngati thobwa, mitu n'kuthothoka, mimba n'kuphulika. Kukhala pansi kunkandiyabwa. Ndikamva phokoso kumaboti miyendo inkapita yokha, pobwerera n'kupeza akhwangwala achita phwando. A Zainabu nawo kumaboti zinali zomvetsa chisoni. Ankaima m'mphepete mwa madzi, beseni m'manja, kupereka moni kwa alovi mmodzimmodzi, kudikira kuti wina awaitane. Mavenda a m'tauni ankawadutsa ngati chitsa. Ankabwerako ndi usipa wa pansi pa boti, wopondedwa, kapena osabwera ndi kanthu. Ndipo si ife tokha, gulu lonse linayamba kulowa pansi.

Pamsonkhano wotsatira ndinaimirira. Ndinati, "Amayi, mwatuma tambala kukasambira, bakha mwamuuza kuti azilira kukamacha. Tibwerere mmene tinkachitira tisanaphe ana ndi njala." Ndinanenanso zina, sindikana. Ndinati amene anabweretsa nzeru imeneyi sanalowepo m'madzi ngakhale kufika m'kakolo. Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinawawa. A Nagama anati gulu limafuna anthu a mtima umodzi, ofatsa, osati mayi wamwano wosokoneza anzake. Anati amene akufuna kuti Nambewe apume akweze dzanja. Manja anakwera, ena a amayi amene ndinawagulirapo usipa iwo ali m'chikuta, ena a amayi amene timaimba nawo kwaya.

A Zainabu sanakweze dzanja. Koma sanatsegulenso pakamwa. Anangoweramitsa mutu, akuzula udzu ndi zala. Abale anga, manja onse aja sanandipweteke ngati chete ameneyo. Zaka zonse zija ndinkawayankhulira kwa mavenda, kwa alovi, kwa aliyense wofuna kuwapondereza, ndipo tsiku limodzi lokha limene ndinafuna mawu awo, anandimana.

Kuchoka pagulu kunali kuchoka pamathandala. Kugula ndinkagulabe bwino, pakamwa sanandilande. Koma ndiyanike pati? Ndinkayala usipa pa maneti akale a udzudzu kuseri kwa nyumba, pamchenga. Mvula inayamba. Ndikakhala kumaboti, kunyumba usipa ukunyowa. Ndikathamangira usipa, bambo Mhone adziyipitsira pamphasa, akundiyang'ana ndi maso a manyazi. Anamwino anandiuza kuti ndiziwatembenuza pafupipafupi, koma munthu mmodzi angakhale bwanji kudoko, kuseri kwa nyumba ndi m'chipinda nthawi imodzi? Kumsana kwawo kunatuluka zilonda. Usipa unkachita mphutsi, ntchentche zinasamukira kwathu. Mavenda ankaluma kamodzi, kumva mchenga m'mano, kulavula pamaso panga. Wambiri ndinkagulitsa kwa oweta nkhuku, pamtengo wachipongwe.

Kutchalitchi ndinkapitabe, koma ndinkabwerako mtima uli wakuda kuposa popita. Amayi omwe aja tinkakhala nawo benchi limodzi. Tsiku lina pa mapemphero a amayi, a Nagama anatsogolera pemphero lalitali lopempherera alongo a lilime lakuthwa kuti Ambuye awaphwanye. Onse anavomera ameni wamphamvu, ena akundiyang'ana ndi diso limodzi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzazonda amuna anga, ngakhale kubweretsa kamtolo ka nkhuni. Kupempherera lilime langa kunali kosavuta kusiyana ndi kuchapa zofunda za wodwala. A Zainabu ndinkakumana nawo panjira nthawi zina, atasenza nsungwi kapena bango. Ankandipatsa moni, ine n'kuyang'ana kumbali.

Mvula ili pakati kunabwera alamu anga, a Yotamu, akulu awo a bambo Mhone. Analowa m'chipinda, anaona zilonda zija, anaona ana mmene anaondera, ananunkhiza fungo la kuseri. Potuluka sanakhale ndi pampando pomwe. Anati, "Mlamu, ife malowolo tinapereka. Munthu uyu ndi wathu, ana awa ndi athu. Tikakolola ndibwera ndi galimoto kudzawatenga. Inu mukhoza kutsala kuno kwanu, muzikangana ndi anthu bwinobwino." Mbiri yanga inali itawapeza kale panjira. Ndinayankha, inde ndinayankha, koma mawu anga analibe pogwira, chifukwa zilonda zinalipodi ndipo ana analidi ndi njala. M'chipindamo bambo Mhone anamva zonse. Ndinawapeza misozi ikutsikira m'khutu.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkayang'ana mpunga wa m'madambo a Bua ngati mdani. Anthu ankasangalala kuti ukubereka, ine ndinkaona galimoto ikuyandikira. Banja limene ndinalimanga kuyambira ndili mtsikana linali loti lipakiridwa ngati katundu, ine n'kutsala ndi mphasa.

Pemphero limene Mulungu anayankha silinali lokongola. Anali masana, ndikukwirira usipa woola m'dzenje kuseri kwa nyumba, khasu m'manja. Ndinati, Ambuye, pakamwa pano munandipatsa ndinu, sindinagule pamsika. Ndayesa kukhala chete, zakanika. Ngati mumafuna anthu ofatsa okhaokha, munandilengeranji? Anthu anu andithamangitsa, mnzanga wanditaya, alamu akubwera. Sindikupemphani kuti mundisandutse munthu wina. Ndipatseni manja, poti pakamwa ndili napo kale. Ndinalira pamenepo mpaka khasu linagwa. Kumwamba sikunayankhe kanthu, ndinangotola khasu n'kumaliza kukwirira.

Patapita masiku ndinachita chinthu chimene ndinkachiopa. Ndinagulitsa nyali za bambo Mhone, zimene ankagwirira ntchito ya usiginala, zimene ndinkasunga ngati kuti tsiku lina adzabwereranso panyanja. Ndinati ndiyese komaliza. M'mawa mwake usipa unafa wambiri, maboti anabwera atalemedwa. Ndinalowa m'madzi ngati mkango, ndinagula usipa wabwino, wonona, mabeseni n'kundandalika pamchenga. Nditangomaliza, ndinatukula maso. Kunyanja kunali kutada, mtambo wakuda ukubwera ndi mphepo yake. Nyali za amuna anga zinali m'mabeseni amenewo, ndipo zinali zoti ziolera pamchenga ngati zina zonse. Chapatali amayi a gulu ankandiyang'ana ali pamathandala awo.

Ndinangoona munthu wawerama, wanyamula beseni langa limodzi n'kudzitwika. Anali a Zainabu. Anati, "Tiyeni." Basi, mawu awo ndi omwewo. Anakodola akazi awiri a kwa mchimwene wawo, nawonso anasenza. Ine ndinasenza langa n'kuwatsatira, chifukwa usipa wanga unkapita, koma njira yonse ndinkawalalatira. Ndinawakumbutsa za msonkhano, za udzu umene ankazula, za miyezi yonse imene ndinavutika ndekha. Iwo ankangoyenda, mwendo ndi mwendo, osacheuka.

Tinafika pa kamtunda kuseri kwa munda wa mpunga wa mchimwene wawo. Pamenepo ndinasowa chonena, ndipo amene mumandidziwa mukudziwa kuti zimenezi sizichitikachitika. Panali mathandala a nsungwi ndi bango, ataliatali, omangidwa bwino. Pamwamba pake panali mitanda yoti mvula ikabwera ungokokerapo pepala la pulasitiki. Pambali panali kachisakasa, mkati mwake mgolo wodula pakati wofutsira, ndi nkhuni zouma zounjikidwa mpaka kudenga. Tinafutsa, tinayala, tinakoka mapepala. Mvula inagwa ya mkokomo, koma usipa wanga sunalawe dontho.

Tili m'chisakasamo ndi pamene ndinamva kuti a Zainabu anachoka pagulu m'mawa mwake ine nditangochotsedwa. Nsungwi zimene ndinkakumana nazo panjira zinali zimenezi. Miyezi yonse ija ankadula, kusenza ndi kumanga okha, pang'onopang'ono, uku akuchita ganyu yopalira mpunga kuti adye.

Ndinati, "Achemwali, nanga bwanji osandiuza?"

Anati, "Zinali zisanathe."

Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi chikuni. Ine ndikufa ndi nkhawa, iwo akudikira kuti amange kaye mfundo yomaliza! Ndinafunsanso za kumsonkhano. Anati, "Pagulu lilime langa limauma, Nambewe, mukudziwa. Ndinafuna kunena, mawu sanatuluke. Ndinapita kunyumba, ndinachita dua kupempha Allah, ndinati chimene pakamwa palephera achite ndi manja." Anandiuzanso chimene anabisa nthawi yonseyi. Masiku a kasinthasintha aja, mwini boti wina ataona kuti ndi mayi wamasiye wofatsa, anawanong'oneza kuti usipa aziwasungira tsiku lililonse ngati angamakaonane naye kuseri. Anati, "Inu mukakhalapo palibe amandiyandikira. Riziki yanga, chakudya changa cha tsiku ndi tsiku, Allah anaiika pakamwa panu."

M'mawa mwake bambo ameneyo ndinamupeza paboti pake, alovi ake onse alipo, ndipo ndinamufunsa mokweza kuti usipa wa kuseri uja akugulitsa bwanji lero, poti mkazi wake akufunanso kudziwa mtengo. Mpaka lero akandiona amayang'ana injini.

Tinayamba kugwira ntchito awiri. Ine kumadzi, iwo kumathandala, aliyense pake. Dzuwa likamakwera ine ndinali nditamaliza kugula, ndathamangira kunyumba kukasambitsa bambo Mhone, kuwatembenuza, kuwatulutsa panja kuti awothere dzuwa. Madzulo ndinkapita kukakangana ndi mavenda pamtengo. Zilonda zinayamba kuuma, ana anayamba kubwerera m'thupi. Sikuti tinasiya kutopetsana. Lachisanu akamapita kumzikiti amandisiya pamathandala ndi lamulo limodzi, lakuti ndizingoingitsa akhwangwala koma usipa ndisaukhudze. Ine ndikamawerengera venda mawu, iwo amalowa m'chisakasa ngati sakundidziwa.

Gulu lija kasinthasintha linamusiya mwakachetechete, popanda msonkhano, popanda wonena kuti Nambewe ananena zoona. A Nagama anandipeza pakhomo la tchalitchi n'kunena kuti zakale zapita, ndibwerere, pepani ngati panali polakwika. Ngati! Ndinawayankha kuti zikomo, ndamva. Pepani sapoletsa chilonda. Abusa amati tizikhululuka, ndipo ndikuyesetsa, koma ndinganame pamaso pa Mulungu nditati ndafika.

Mpunga unakololedwa, ndipo a Yotamu anabweradi ndi galimoto ya matola. Anapeza bambo Mhone atakhala pampando pakhonde, atavala malaya ochapa, ana ali kusukulu. A Zainabu analipo, anabwera kudzasiya matumba a usipa wouma. Alamu anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti zinthu zasintha, koma munthu wamwamuna akalipira galimoto safuna kubwerera chabe. Anati abale kumudzi agwirizana kale, ndipo anauza dalaivala kuti agwire mpando mbali inayo. Ine ndinaima pakati pawo ndi mpandowo. Mawu amene ndinawasunga miyezi yonse anatuluka, anthu oyandikana nafe anayamba kusonkhana, dalaivala anabwerera m'mbuyo. Alamu nawo anakweza mawu. Tikanafika nazo patali tsiku limenelo.

Ndinamva dzanja pamkono panga. A Zainabu, amene pagulu lilime limawauma, anayankhula motsitsa, maso ali pansi. Anati, "Bwanji afunsidwe eni ake?"

Kunena zoona, panalibe amene anaganizapo zimenezo. Alamu ankayankhula za mng'ono wawo ngati thumba la chimanga, ndipo ine ndinazolowera kuwamalizira mawu amuna anga asanafike pakati. A Yotamu anagwada patsogolo pa mpando n'kufunsa m'chiyankhulo cha kwawo ngati akufuna kupita kumudzi. Bambo Mhone anayamba kulimbana ndi lilime. Milomo inkagwedera, malovu akutsika, mawu osatuluka. Ine pakamwa panayabwa kuti ndiwayankhire, koma dzanja lija linandifinya. Tinadikira. Anthu onse aja anakhala chete, ndipo inali nthawi yaitali kwambiri imene ndinakhalapo osayankhula m'moyo wanga. Kenaka amuna anga anamenya mpando ndi dzanja lawo lamoyo, n'kunena mawu amodzi omveka bwino lomwe.

"Pano."

Alamu anakhala chogwada kwa kanthawi, kenaka anapukuta m'maso ndi chipewa. Anaimirira, anandiyang'ana, anathokoza m'chiyankhulo cha kwawo, anati, "Yewo, mlamu." Galimoto inabwerera kumpoto yopanda munthu wanga ndi mmodzi yemwe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wolusa ali ndi khasu m'manja. Ndikumuthokoza chifukwa thandizo sanalitumize kudzera pa benchi la kutchalitchi pamene ndinkaliyembekezera, koma kudzera mwa mayi wa chipembedzo china amene ndinkamukanira moni. Inu amene akukuuzani kuntchito kuti ndinu aphokoso kwambiri, kapena ozizira kwambiri, musafulumire kudzida. Mwina pali wina pafupi nanu amene amakutopetsani tsiku ndi tsiku, koma ali ndi chimene inu mulibe, ndipo naye akusowa chanucho. Limbikirani kupemphera, ngakhale pemphero lake likhale lowawa ngati langa. Mundikumbukire inenso m'mapemphero anu, chifukwa Lamulungu lililonse ndimakhalabe benchi limodzi ndi manja aja amene anakwera kundichotsa, ndipo mtima sunapole. Bambo Mhone akupereka moni kwa nonse. Ali pakhonde, pakhomo pawo. Ambuye akudalitseni.